Talipira kukwera, osati kukankha

Chaka ndi chaka, mwezi wa Juni ukangolowa, m'misewu ya dziko lino mumayamba ntchito ina imene palibe adaifunsira ndipo palibe amalandirapo malipiro. Ntchito yake ndi yokankha minibasi. Aliyense amene adadikirapo galimoto mbandakucha pa Nsipe, m'boma la Ntcheu, akudziwa zomwe ndikunenazi. Anthu akwera, katundu wamangidwa, chitseko chatsekedwa, dalaivala wapotokola kiyi. Injini ikungokhosomola, kumbuyo utsi woyera uli tolotolo, koma zoti ilire ayi. Kenaka mumamva mawu aja tidawazolowera: "Abambo nonse tatsikani pang'ono tithandizane." Ndiye abambo aja, wina ali m'jekete la kuntchito, wina ndi mnyamata wa sukulu wa yunifolomu yochapachapa, amayamba kulimbana ndi chigalimoto m'mphepete mwa msewu umene mathiraki akudutsa mwa liwiro, kunja kusanayere n'komwe.

Tidazolowera mpaka timaseka. Wina amati minibasi nayo imamva chisanu ngati munthu, wina amati awa ndi masewera olimbitsa thupi aulere. Koma abale anga, tikaunika bwinobwino palibe choseketsa apa. Nthawi zambiri chimene chikutikankhitsa ndi kachitsulo kotalika ngati chala, komwe amakaniko amati hita pulagi, ndipo pa bokosi lake amalembapo kuti glow plug. Kachitsuloka kakapsa, kukayeza ndi mphindi zochepa, kukasintha sikutha tsiku. Mwini galimoto akapanda kukasintha, ndiye kuti wasankha kuti vutolo alipire ndi anthu ena: dalaivala, kondakitala, ndi inu ndi ine amene tapereka kale ndalama yokwerera. Inetu ndikuti khalidwe limeneli lithe, ndipo litha pokhapokha tonse tikadziwa chimene chimachitika m'kati mwa injiniyo.

Ndatchula Nsipe dala. Malowa ali pa msewu wa M1, kummwera kwa boma la Ntcheu, musanafike pa Chingeni pomwe msewu wa ku Balaka umapatukira. Ntcheu ili pafupifupi pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo ndi boma la ndiwo: tomato, kabichi, anyezi, kachewere wa ku Tsangano, osaiwala msika wa Lizulu. Malonda a ndiwo ndi a m'mawa. Mayi amene wanyamula madengu a tomato akufuna akafike ku Balaka kapena ku Limbe opikula asanabalalike. Akachedwa ola limodzi, akapeza anzake agulitsa kale, iye n'kutsitsa mtengo kuti katundu asamuolere. Mwana wa sukulu amene akuthamangira mayeso sangauze woyang'anira kuti minibasi inakana kulira. Wodwala wopita kuchipatala cha boma ku Ntcheu akufuna akakhale kutsogolo kwa mzere. Anthu onsewa amadalira ulendo woyamba wa tsiku, ndipo ulendo woyamba ndi umene hita pulagi yakupsa imaononga. Masana, injini ikatentha, galimoto imalira bwinobwino ngati palibe chidachitika.

Tsono tiyeni timvetse chinthucho. Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi kamoto kothetheka kochokera pa pulagi. Injini ya dizilo ilibe zimenezo. Iyo imakokera mpweya wokha m'silinda, pisitoni n'kuupanikiza kwambiri, ndipo mpweya ukapanikizidwa umatentha. Anyamata a kabaza akudziwa: mukapopa tayala mwachangu, pampu imafunda kunsi kwake. M'injini zakale za Toyota Hiace, zija za 2L, 3L ndi 5L, mpweya wodzadza mabotolo 22 umapanikizidwa kuti ukwane m'botolo limodzi, titero kunena kwake, ndipo umatentha kupitirira madigiri 500. Nozo ikapopera dizilo mu mpweya wotentha choterowo, dizilo amayaka yekha popanda womuyatsa. Nzeru imeneyi ndi ya Rudolf Diesel wa ku Germany, amene injini yake idayamba kugwira ntchito bwino m'chaka cha 1897, ndipo mafutawa timawatchula dzina lake mpaka lero.

Vuto limabwera m'mawa. Galimoto yagona panja usiku wonse, chitsulo cha injini chazizira ngati mwala wa kudambo. Pisitoni ikapanikiza mpweya, chitsulo chozizira chija chimalanda kutentha kwake dizilo asanayake. Kukazizira batire nalo limafooka ndipo oyilo amalimba, kotero kuti sitata imazunguza injini mwaulesi. Kumalo okwera monga Tsangano, Lizulu ndi Dedza chisanu chimachita kunyanya. Apa m'pamene hita pulagi imagwira ntchito yake. Silinda iliyonse ili ndi yakeyake, ndiye kuti pa Hiace, kapena pa Nissan Caravan ya injini ya TD27 ngakhale QD32, alipo mapulagi anayi. Mukatembenuza kiyi koyamba, pa dashibodi pamayaka kachizindikiro kopotana ngati sipuling'i. Nthawi imeneyo nsonga ya pulagi ikufiira ngati khala la moto, kufika madigiri 850 kapena kuposera apo, m'masekondi owerengeka. Dizilo akaigunda amayaka. Dalaivala wodekha amadikira kachizindikiroko kazime kaye, ndiye n'kuliza galimoto.

Wina anena kuti yake imalira popanda kudikira zonsezo. N'zoona, injini zatsopano monga za D-4D zimapopera dizilo molunjika pamwamba pa pisitoni ndi mphamvu yaikulu, ndipo m'nyengo ya kwathu kuno zambiri zimalira ngakhale pulagi imodzi itapsa. Zakale zija n'zosiyana. Izo zimapopera dizilo m'kachipinda kakang'ono ka m'hedi, komwe kamataya kutentha msanga, choncho popanda hita pulagi zimavuta kwabasi. Ndipotu injini zakalezi zikadali zambiri m'misewu yathu, makamaka m'maulendo a pakati pa maboma ndi misika ya kumudzi.

Nanga mungadziwe bwanji kuti hita pulagi yapsa? Galimoto imakuuzani yokha. Pulagi imodzi ikafa, injini imalira mochedwa, n'kumanjenjemera ngati ya malungo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, pakuti masilinda atatu okha ndi amene akuyaka. Kumbuyo kumatuluka utsi woyera wonunkha dizilo, woyabwa m'maso. Ameneyo ndi dizilo wosapsa, ndalama zikuuluka m'mwamba. Injini ikafunda, kunjenjemera kumatha, utsi n'kusiya. Mapulagi awiri kapena atatu akafa, m'pamene abambo amatsitsidwa. Choncho tsiku lokankha silibwera modzidzimutsa ayi. Galimoto imakhala itadandaula masabata angapo, koma Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Komanso tisanamizire hita pulagi milandu yonse. Ngati galimoto ikuvuta kulira ngakhale masana injini ili yotentha, vuto lili kwina: mwina mpweya ukulowa m'mapaipi a mafuta, mwina fyuluta yatsekeka, mwina manozo atha, mwina injini yataya kompuleshoni chifukwa cha ukalamba. Ngati sitata ikuzungulira mofooka, yambani mwaona batire ndi mitu yake. Batire lodzadza bwino limaonetsa mavolti 12.6 galimoto itazima, ndipo likamatsika kwambiri pansi pa mavolti 10 pamene mukuliza, ndiye kuti lafooka. Ngati mapulagi onse anayi asiya tsiku limodzi, kayikirani fyuzi kapena relay, chifukwa n'kwapatali kuti onse apse usiku umodzi. Dizilo wa m'zigubu wosakaniza ndi palafini kapena madzi nayenso ali ndi milandu yake. Ambiri amataya ndalama pogula chinthu chomwe sichinaonongeke, chifukwa makaniko wawo amangolota. Safunsa adadya phula.

Kuyeza kwake n'kosavuta mpaka kuchititsa manyazi. Mapulagi anayi aja amalumikizidwa pamwamba ndi kachitsulo kamodzi kaphanthiphanthi kapena waya. Mumachotsa kachitsuloko, kuti pulagi iliyonse ikhale payokha. Mukatero mumatenga tesita ya babu, waya wake n'kumumangirira ku mutu wa pulasi wa batire, nsonga yake n'kugunditsa pamutu pa pulagi. Babu likayaka, waya wa m'kati mwa pulagi ngwamoyo. Likapanda kuyaka, pulagiyo yaduka m'kati. Amene ali ndi mita yoyezera magetsi, ija amati multimeter, amaona bwino koposa: pulagi yabwino imawerenga pafupifupi ohm imodzi, ndipo onse anayi amayenera kufanana. Yomwe yasiyana kwambiri ndi inzake ndiyo mfiti. Pomaliza mumaona ngati magetsi akufikadi pa kachitsulo kaja wina akatembenuza kiyi. Zonsezi zimachitika pulagi ili pamalo pake, popanda kumasula chilichonse chachikulu. Kodi pamenepa pali chofunika kupita nacho ku Biwi kapena ku Ndirande?

M'malo moyeza, taonani zomwe timachita. Choyamba ndi kukakamira kiyi. Dalaivala amazunguza sitata mpaka itanunkha, pomwe sitata siyenera kuzungulira kupitirira masekondi 10 kapena 15 osapuma. Mapeto ake sitata imapsa, batire limatha mwezi usanathe. Ndiye pali dizilo wosapsa uja: amatsuka oyilo m'makoma a silinda, wina n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense, injini n'kumadyeka m'kati m'mawa uliwonse. Munthu wothawa kugula mapulagi anayi amadzagula batire ndi sitata, ndipo pakapita nthawi amadzaphwasula injini yonse. Ndani wapulumutsa ndalama pamenepa?

Chachiwiri ndi kukankha kuja, kapena kugoneka galimoto pamtsetse kuti m'mawa ingotsetsereka. Apa pali ngozi yomwe okwera ambiri saidziwa. Mabuleki a minibasi amathandizidwa ndi pampu yomwe imagwira ntchito injini ikamalira. Injini ikakhala chete, dalaivala akaponda kawiri katatu, buleki imauma gwa ngati mtengo, ndipo chiwongolero nacho chimalemera. Ndiye taganizani, galimoto yodzadza amayi, ana ndi matumba a kachewere ikutsetserekera pa M1 m'chisisira, injini ili zii, magetsi ali ofooka chifukwa batire latha. Okankha aja ali kumbuyo, misana atalozetsa komwe kukuchokera mathiraki. Mulungu amatiteteza, inde, koma tisamamuyese m'mawa uliwonse.

Chachitatu ndicho choopsa kuposa zonse: moto. Alipo amene amayatsa chisanza kapena nyuzipepala n'kuisendeza pa paipi yolowera mpweya kuti injini imeze lawi. Ena amaviika chisanza mu petulo n'kutseka pa paipiyo. Enanso amapopera mankhwala a m'chitini olizira injini. Kumbukirani kuti pa maminibasi amenewa injini ili pansi pa mpando wa kutsogolo, m'kati mwenimweni mwa galimoto, pafupi ndi mapaipi a mafuta ndi mapazi a okwera, ndipo chitseko chotulukira anthu a kumbuyo n'chimodzi. Za mankhwala opopera aja, opanga injini amaletsa kuwagwiritsa ntchito pa injini ya hita pulagi, pakuti akakumana ndi pulagi yomwe ikadali yamoyo amaphulika nthawi isanakwane, ndipo angathe kuswa mapisitoni ndi maring'i. Amene amati galimoto yawo "inazolowera mankhwala" sadziwa kuti mankhwalawo ndi amene akuimaliza.

Chachinayi ndi kusazimitsa injini. Dalaivala woopa kuti galimoto sidzukanso amaisiya ikulira pa siteji pamene akudikira kuti idzadze, ngakhale kwa maola awiri. Injini yotere ikangolira chiimire imamwa dizilo wosachepera theka la lita pa ola. Werengani nokha pa mwezi. Tonse tikukumbukira mizere ya pa malo omwetsera mafuta ya mu 2011 ndi 2012, ndi inanso yomwe idabwerera kuyambira mu 2022. Munthu wogona pamzere usiku wonse kuti apeze malita ochepa, n'kukawatentha pa siteji galimoto ili chiimire, utsi wake n'kumapuma amayi ogulitsa mandasi, zimenezo n'zanzeru?

Palinso luso lina la amakaniko a pansi pa mtengo: relay ikafa, amadutsitsa waya kuchoka ku batire n'kuika batani loti dalaivala azidina yekha. Poyamba zimaoneka ngati zatheka. Koma mapulagi sali ofanana onse. Ena ndi a mavolti 11, ena ndi a mavolti 6 kapena 7, ndipo nambalayo imalembedwa pa thupi la pulagi. A mavolti ochepawa adapangidwa kuti azitentha mwachangu, kabokosi kowerenga nthawi n'kuwachepetsera magetsi asanapse. Mukawapatsa batire lonse kudzera pa batani, chala cha dalaivala n'kukhalitsapo, amapsa m'masiku ochepa. Kenaka mwini galimoto amati mapulagi a masiku ano ndi achabechabe, pomwe wawapha ndi waya wake yemwe.

Tsono funso n'lakuti, ngati kukonza n'kophweka chotere, bwanji sizikonzedwa? Yankho lili m'mene bizinesi ya minibasi imayendera. Eni ake ambiri amapatsa dalaivala tageti: madzulo abweretse ndalama yakutiyakuti, mafuta adzionera yekha. Galimoto ikaima theka la tsiku kwa makaniko, tageti siichepa. Dalaivala akanena kuti galimoto ikuvuta m'mawa, bwana amayankha kuti, "Koma ikuyenda eti?" Inde ikuyenda, chifukwa bwanayo amaiona masana kapena madzulo injini ili yotentha. Pa 4 koloko m'mawa iye amakhala ali m'bulangeti m'tauni. Dalaivala amaopa kuti akalimbikira achotsedwa ntchito, pakuti ofuna kiyiyo ndi ambiri. Kondakitala alibe mawu. Choncho vuto limagubuduzika kuchoka kwa mwini, kudutsa pa dalaivala, mpaka kukagwera wokwera, amene alibe womugubuduzira.

Akuluakulu akukumbukira nthawi ya mabasi a UTM, omwe kampani ya Stagecoach idawagula mu 1989 n'kuwasiya mu 1997, pambuyo pake n'kukhala Shire Bus Lines yomwe nayonso idatha. Sindikuti masiku amenewo adali a uchi ndi mkaka. Mabasi adali ochepa, anthu ankagona m'madepoti, ndipo minibasi idatipulumutsa ku mavuto amenewo. Koma kampani ya mabasi idali ndi galaja yake ndi amakaniko ake olembedwa ntchito, ndipo kukonza basi kudali udindo wa kampani. Lero munthu amagula minibasi imodzi ndi ndalama za penshoni kapena ngongole, n'kumayembekeza kuti izingobereka ngati nkhuku yachikuda yodzifunira yokha chakudya. Ufulu wochita bizinesi tidaulandira ndi manja awiri, koma udindo wosamala galimoto tidausiya pa depoti.

Eni maminibasi nawo ali ndi zonena, ndipo tiwamvere. Akuti zipangizo zidakwera mtengo, ndipo sakunama: kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe chitsulo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja. Akuti kuyambira mu Novembala 2021 pa Chingeni pali toll gate, inshuwalansi ikufuna ndalama, matayala akufuna ndalama. Akutinso ukagula pulagi lero, mawa yapsa, chifukwa m'mashopu mwadzadza zachinyengo zovala mabokosi a Denso, NGK ndi Bosch. Zonsezi n'zomveka. Koma mfundo zomwezi zikuwatsutsa. Ngati zinthu zakwera, batire ndi sitata zakweranso, dizilo wakweranso, ndipo kuphwasula injini ndiye kosayerekezeka. Pamene ndalama zavuta m'pamene munthu amayenera kuthamangira chokonza chaching'ono chisanabale chachikulu. Wosauka weniweni sangakwanitse kulekerera hita pulagi yakupsa.

Za zipangizo zachinyengo, mankhwala ake alipo. Pitani kushopu ndi pulagi yakale m'manja, pamodzi ndi dzina la injini, osati dzina la galimoto lokha, pakuti Hiace imodzi ingathe kukhala ndi injini yomwe idaikidwamo pambuyo pake. Yerekezani kutalika kwake, mazinga ake ndi nambala ya mavolti. Funsani wogulitsa ayeze ndi mita muli pomwepo. Tengani lisiti lolembedwa dzina la shopu ndi nambala ya chipangizocho. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, lilinso ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission lolandira madandaulo, koma popanda lisiti mukadandaula ndi chiyani? Ndipo ngati mapulagi onse ndi akale, sinthani onse anayi, chifukwa adayamba ntchito tsiku limodzi ndipo otsalawo ali m'njira.

Pomasula pamafunika kudekha. Pulagi yomwe yakhala zaka m'hedi imagwira dzimbiri ndi mwaye, ndipo thupi lake n'lopyapyala. Thirani mafuta ofewetsa dzimbiri usiku, m'mawa tenthetsani injini pang'ono, pakuti chitsulo chofunda chimamasuka msanga. Gwiritsani ntchito bokosi sipanala yokwana bwino, osati pulayala, ndipo musaonjezere paipi pa sipanala kuti mukhale ndi mphamvu. Ikakana, ibwezeni pang'ono, thiraninso mafuta, dikirani. Pulagi ikadukira m'kati, ntchito ya ola limodzi imasanduka yochotsa hedi yonse. Yatsopanoyo yambani kuimanga ndi zala kuti mazinga asapingasane, ndipo pomaliza musaikhwimitse ngati nati ya tayala. Musataye yakale musanaiyang'ane kunsonga. Ngati nsonga yasungunuka kapena yadyeka, ndiye kuti nozo ikudontha, kapena taiming'i ya pampu yasokonekera, kapena relay ikukakamira, ndipo mukapanda kukonza zimenezo yatsopanoyo ipsanso.

Nanga aboma ali kuti? Wina anena kuti a Road Traffic azigwira galimoto zoterezi poyeza COF. Koma taganizani: galimoto imafika koyezetsa itayenda kale makilomita angapo, injini ili yotentha, ndipo imalira kamodzi n'kamodzi. Wapolisi wa pamsewu nayenso amaiimitsa ikuyenda kale. Vuto limeneli limaoneka pamalo amodzi okha, pomwe galimoto yagona, ndipo mboni zake ndi okwera a ulendo woyamba. Ndiye amene angalithetse ndi amene ali pafupi nalo. Bungwe la eni maminibasi la MOAM ndi makomiti a m'masiteji amadziwa kukonza mizere ndi kutolera ndalama tsiku ndi tsiku. Angalephere bwanji kugwirizana kuti galimoto yolira ndi moto kapena yokankhidwa ndi okwera isapakire anthu mpaka itakonzedwa? A Malawi Bureau of Standards nawo, omwe alipo kuyambira 1972, aziyenderako m'mashopu a zipangizo za galimoto monga amayendera zakudya ndi zakumwa.

Kwa inu ophunzira, makamaka a m'makoleji a ntchito zamanja ndi onse odutsa m'maphunziro a TEVETA, yomwe idakhazikitsidwa mu 1999, apa pali ntchito yomwe ikungodikira mwini wake. Timalira kuti ntchito kulibe, koma m'masiteji a pa M1 galimoto zikukonzedwa mongolota. Mnyamata kapena mtsikana wokhala ndi mita imodzi, tesita ya babu, masipanala ochepa ndi mutu wodziwa chifukwa chake mpweya umatentha ukapanikizidwa, angathe kuyeza maminibasi angapo m'mawa umodzi mwezi wa Meyi, chisanu chisanafike. Sayansi ya fomu 3 ija timaloweza chifukwa cha mayeso ndi yomweyi ili pansi pa mpando wa dalaivala. Makaniko amene amayamba wayeza asanatchule mtengo, mbiri yake imamuyendera yokha.

Kwa inu madalaivala, ndikudziwa kuti muli pakati pa nyundo ndi chitsulo. Komabe nenani msanga, tsiku lomwe mwaona utsi woyera koyamba, ndipo nenani pa foni mwa uthenga wolemba kuti mawa bwana asadzati simunanene. Sitata ikadzapsa, adzafuna kudula pa malipiro anu. Muitanitseni adzaone yekha galimoto ikudzutsidwa m'mawa. Bwana wanzeru adzakuthokozani, pakuti mwamupulumutsira injini.

Ndipo kwa ife okwera, mphamvu tili nayo koma sitiigwiritsa ntchito. Kuthandizana ndi chikhalidwe chathu, ndipo galimoto ikafa mwadzidzidzi pakati pa tchire, tonse titsike tikankhe, palibe vuto. Koma minibasi yomwe imakankhidwa m'mawa uliwonse kuyambira Juni mpaka Ogasiti sinagwe m'ngozi ayi, mwini wake adangotiwerengera ngati mbali ya injini. Tisalipire galimoto isanalire. Tikaona wina akuyatsa chisanza, titsike tonse ndi ana athu nthawi yomweyo, osadikira kuti tione ngati zitheke. Tikane kukhala m'galimoto yomwe ikutsetsereka injini itazima. Amalonda amene mumakwera tsiku ndi tsiku mumazidziwa galimoto zonse za pa siteji yanu ndi mayina ake omwe: uzanani, ndipo kwerani ija imalira ndi kiyi. Mwini minibasi amene sadamve dandaulo la dalaivala wake adzamva msanga tageti ikayamba kuperewera, ndipo tsiku lomwelo adzapeza ndalama ya mapulagi anayi.